Chipilala cha amayi a kwaya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti bambo mwendo uja ukuwavutabe.

Ndati ndikudziwitseni za chipilala chokumbukira amayi athu ndi anzawo a kwaya, amene anatisiya pangozi ya lole pamsewu wa ku Kapondo. Chidzamangidwa pamalo pomwe panachitikira ngoziyo. Loweruka mmisiri anabwera kutchalitchi ndi kachitsanzo kadongo. Anaumba lole itagwa cham'mbali, pamwamba pake mtanda. Akomiti anayamikira, amvekere madalaivala akamaona azichepetsa liwiro.

Kenaka anaimirira a Nachisale, aja anataya ana aakazi awiri tsiku lomwelo. Anati, "Njira yakuchigayo ndi yomweyo. Ndiye ine ndiziona loleyo mpaka imfa yanga? Ana anga ndiziwakumbukira ali pansi pa matayala?"

Bambo anawerama, misozi ikugwera pamalaya. Mmisiri uja sanakwiye. Anafunsa mofatsa kuti, "Mayi, mukufuna muziwaona bwanji?"

Iwo anati, "Ataimirira, akuimba."

Pomwepo mmisiri anaphwanya kalole kaja ndi manja ake. Tagwirizana kuti aumbe ndi simenti amayi atatu ataimirira, kukamwa kuli kotsegula, mayina onse alembedwe m'munsi.

Pempho langa ndi ili. Chithunzi cha amayi atavala yunifolomu ya kwaya munapita nacho ndinu. Chonde chijambuleni munditumizire pafoni. Mmisiri akufuna aone mmene ankamangira duku. Ndayesa kumusonyeza pamutu panga, koma sindikutha kumanga ngati iwo.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esinati