Dzina la a Yotamu pa Foni

Lachinayi, Okutobala. Tsiku loipa, mutu ukungowawa.

Foni yandipulumuka pa siteshoni ya Nyimba pamene ndimathamangila basi ndi nthochi. Tayala laiponda, ndi simu yomwe yaphwanyika. Zonse zimene ndagulitsa sabata ino zili m'menemo, poti apaulendo masiku ano sayenda ndi ndalama m'thumba, amangotumiza pa foni.

Amai Mwanza a pa kabuthi, pomwe ndimatapa ndalama, ati popanda simu palibe chimene angachite. Ku ofesi ya kampani ya mafoni mtsikana wayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti, "Amai, nambala iyi ndi ya a Yotamu Daka. Abwele okha ndi chitupa chawo."

Ndamuuza kuti a Yotamu ndi amuna anga, tinawaika ku Msanzala chaka chatha. Akuti ndibweletse kalata ya imfa ndi pepala la kukhoti. Kalatayo ili ndi alamu anga, omwe anatenga njinga ndi malata athu malilo atatha. Sitilankhulana.

Anthu anandiuza kale kuti ndisinthe dzina la pa simu, ine ndinakana dala. Munthu asanatumize ndalama amawelenga dzina lotuluka pa foni yake, n'kufunsa ali pa windo la basi, "Yotamu Daka?" Ine n'kuyankha, "Ee, ndi omwewo." Tsiku lonse alendo amawatchula ngati munthu wamoyo.

Mailo kukacha ndikagula simu ya dzina langa. Ndalamazo kaya, mwina zapita basi. Koma nanga a Yotamu, adzawatchulenso ndani?