Nkhuku Imodzi, Yokanidwa

Lamlungu, 5 Okutobala 2008

Mvula kuyambira m'mawa. Mawondo onse awiri akupweteka. Mwezi wachitatu tsopano ndili ku Nechells, m'Birmingham muno, kwa mwana wanga Vailet ndi amuna ake a Fumbani Luhanga. Magalasi amene a Fumbani anandigulira akugwira ntchito, ndikuona ngakhale mizere ya m'kope muno. Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha ku Ntcheu, ndiye dzanja limayenda pang'onopang'ono. Palibe akundithamangitsa.

Kutchalitchi lero nkhani inali imodzi. Nyumba imene timapempheramo, ija kale ankakonzeramo matayala, yagulidwa ndi kampani. Akufuna aigwetse amangepo mosungira katundu. Akhoma chikwangwani pageti, dzina lawo zilembo zikuluzikulu zofiira. A khonsolo adzagamula pa 23.

A Bishop, mkulu wa mpingo. Si bishopu ayi, ndi dzina chabe, amayendetsa basi. Anati pakufunika munthu wokalankhula ndi khansala wa dera lino. Maso onse pa ine. Ati a Ellard mwakhala nkhoswe ya maukwati osawerengeka, mwafewetsa amalume ouma mtima, mzungu mmodzi angakukanikeni? Ndinavomera. Kunyada kunalipo, ndisaname.

A Fumbani ndiwo mlembi wa mpingo. Analemba zonse m'buku, mutu uli pansi.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Vailet ku shifiti, kuchipatala ku Bordesley Green. Tinadya awiri ndi mkamwini. Ndinawafunsa ntchito yawo yeniyeni, poti ndimangowaona akutuluka atamanga tayi. Ati ndi lobiyisiti. Ndinati Chichewa chake? Anaganiza kaye, kenako ati munthu akafuna kanthu kwa akuluakulu a boma, amatituma ife tikamulankhulire.

Ndinaseka mpaka kutsokomola. Zaka zinayi kuyunivesite, zina ziwiri kuno, kuti adzagwire ntchito imene ine ndagwira zaka makumi anayi, malipiro ake mutu wa mbuzi ndi zikomo.

Ati kusiyana kwake n'koti iwo amalembetsa. Kuli rejisita. Wolankhulira ena alembe dzina lake ndi la amene amutuma, anthu adziwe. Ndinati kwathunso zilipo, kungoti timalembetsa ndi pakamwa. Usanakhale pamphasa umayamba wanena: ine ndine uje, ndaimira banja lakuti. Ukapanda kunena, nkhani siyamba.

Ndinawapempha nzeru za mmene ndikamufikire khansala. "Adada, mungovutika ndi kuzizira, lembani kalata basi." Mwana wachifundo.

Lachisanu, 10 Okutobala

Kwa munthu wamkulu sindinapitepo chimanjamanja. Sindiyamba lero.

Mayi Rabecca a kumpingo, namwino mnzake wa Vailet, ananditengera ku Cape Hill, ku Smethwick, kukafuna nkhuku. Ndinati yamoyo, yofiira ngati ilipo. Anaseka mpaka kugwira khoma la shopu. Ati kuno nkhuku yamoyo simungakwere nayo basi, angakuimbireni apolisi. Tagula ija amati yolimba, yamufiriji. Yopanda mutu, yopanda miyendo, youma gwaa ngati mwala. M'kati ndinasuzumiramo, nthutumba mulibe. Mphatso yotani yopanda nthutumba? Koma ndiyo ilipo.

Mayi Rabecca ati khansalayo mwina sakalandira. Ndinawauza kuti munthu wamkulu aliyense amayamba wakana. Umayika pansi, n'kumalankhula zina.

Ndaikulunga m'chitenje chatsopano. Jekete Vailet wandisitira.

Loweruka, 11 Okutobala

Ndilembe bwino, mwandondomeko, ndisasiye kanthu.

Khansala ndi mayi, a Helen. Loweruka amakhala m'kachipinda ka kulaibulale, aliyense amangolowa. Mlonda palibe, mesenjala palibe. Tiyi wawo m'kapu yapepala. Ndinaima, chipewa m'manja, ndinati ine ndine Ellard Chikhosi wa ku Ntcheu, ndaimira mpingo wa Amalawi umene umapemphera m'nyumba ija. Mayi Rabecca akumasulira. A Helen anakondwa. Ati akanakonda onse akanamayamba choncho.

Ndinalankhula bwino. Za ana amene anabatizidwa momwemo, za maliro awiri amene tinasonkhanira momwemo thupi lisanakwere ndege. Anamvetsera. Koma ati iwo ali m'komiti yogamula, ndiye sangayankhe inde kapena ayi, angomva.

Ndinamasula chitenje.

Mayi uja anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Ati pepani, sindingalandire. Ndinayika patebulo n'kuyamba kukamba za nyengo, monga mwa ntchito. Anakananso. Kachitatu Mayi Rabecca ananditsina: "Agogo, uku si kukana kwa kwathu, uku n'kukana kwenikweni."

Kenako anatulutsa buku. Ati aliyense wobwera kudzawalankhula za nkhani imene komiti ikugamula amamulembamo: dzina, kumene akukhala, amene wamutuma, ndi chimene wabweretsa. Za kumene ndikukhala ndinawapatsa kapepala kamene Vailet anandiikira m'thumba kuti ndikasochera ndizionetsa anthu. Anakopera. Pamapeto analemba mawu atatu. Mayi Rabecca ati akutanthauza: nkhuku imodzi, yokanidwa. Zaka makumi anayi, nkhuku yanga yoyamba kulowa m'buku la boma, ndipo yalowa ngati wolephera mayeso.

Ananditembenuzira buku kuti ndisayine. Mayi Rabecca anali kalikiliki kubwezera nkhuku m'chitenje. Ine kusayina ndimachedwa. Maso anakwera mizere iwiri pamwamba pa dzina langa.

F. Luhanga. Pambali pake dzina lija la zilembo zofiira la pageti. Tsiku: 2 Okutobala.

Chingerezi sindidziwa. Koma dzina la mkamwini wanga ndimalidziwa, ndinalimva likuwerengedwa paukwati. A Luhanga alipo angati m'Birmingham?

M'basi nkhuku inayamba kusungunuka. Ndafika buluku litanyowa.

Lolemba, 13 Okutobala

Vailet waphika nkhuku ija. A Fumbani adya ntchafu zonse ziwiri, ati yolimba ndiye nkhuku, zinazi ndi thonje. Ndiye kuti mphatso ya mpingo yafika ndithu kwa munthu wa m'nkhaniyi. Yangolowera khomo lina.

Anandifunsa kuti ulendo unayenda bwanji. Ndinati bwino. Anati mwaona, ndinanena kuti mungovutika.

Ndawerenga masiku pa zala. Pa 2 anali kwa a Helen m'dzina la kampani. Pa 5 anali pakati pathu, akulemba zimene tikupangana. Sindikunena kuti anakanena. Sindinaone. Koma munthu mmodzi, mphasa ziwiri.

Chimene chikundisautsa: Lamlungu likudzali ndiyenera kuima pamaso pa mpingo kupereka lipoti la ulendo. Ndikanena zonse, ndagwetsa mwamuna wa mwana wanga, amene ndikugona m'nyumba mwake. Ndikabisa, ndiye kuti inenso ndakhala pamphasa osanena mbali yanga.

Ndinavula magalasi n'kuwayang'ana. Ogulidwa ndi malipiro a kampani yomweyo. Akanandisiya ndi maso anga akale, bwenzi tonse tili pamtendere.

Lachinayi, 16 Okutobala

A Fumbani abwera masana, tayi ili m'manja. Sizinachitikepo.

Buku lija kani lili ndi owerenga ake. Si ife a mpingo ayi. Ndi malobiyisiti okhaokha, amapita kukaona kuti winanso walankhula ndani. Bwana wawo, a McDonald, anakaona, n'kupeza kuti amene waimira mpingo akugona nambala yomweyo ya nyumba ndi amene waimira kampani. Ndiponso wabwera ndi nkhuku. Ati a Fumbani anayenera kunena kuofesi kuti ndi mlembi wa mpingowo, ndi kuti apongozi awo ali mbali inayo. Awachotsa pa nkhaniyi, akhale kaye kunyumba mpaka akuluakulu akambirane.

Sanandikalipire. Ana a kumpoto ulemu ali nawo. Anangoima pakhomo la khitchini: "Adada, munapita ndi nkhuku? Kwa khansala? N'kupereka adiresi yanga?" Ndinati ndinapereka kumene ndikugona. Ndinatinso dzina lanu ndinaliona.

Kenako ati: "Ine ndinalembetsa. Sindinabise. Bukulo ndi la aliyense, angathe kukawerenga."

Ndinawafunsa kuti mumpingo mwathu ndani amadziwa kuti bukulo lilipo. A Bishop ali pa basi, amayi ali pa mashifiti. Chinthu wachiika poyera, pamalo pamene ukudziwa kuti abale ako sadutsapo. Kwathu timati kubisa. Kuno ati kulembetsa.

Madzulo Vailet anabwera kuchipinda kwanga ndi tiyi amene sindinapemphe. Za a Fumbani ndi kampani ija ankadziwa. Kuyambira Ogasiti. Ati nyumbayo igwetsedwa ndithu, kaya Fumbani alipo kaya palibe, iye sasankha amene ofesi yamupatsa. "Ababa, Lamlungu mungonena za a Helen basi. Chonde. Ife tikhala kuno, inu mukupita." Zoona zake. Ine ndikupita.

Tiyi anazizira.

Lamlungu, 19 Okutobala

Ndinaima.

Za a Fumbani sindinanene. Ndinalonjeza mwana wanga kuti sinditchula dzina la munthu, ndipo sindinatchule. Ndinangochita chimene ndimachita ndisanayambe nkhani iliyonse. Ndinati: abale, ndisanapereke lipoti, mudziwe kaye amene akulankhula nanu. Ine ndine Ellard Chikhosi. Munandituma ndinu. Koma nyumba imene ndikugonamo, chakudya chimene ndikudya, ndi magalasi ndavalawa, zikuchokera ku malipiro a kampani ija ili pageti. Ndinadziwa mochedwa, nditapita kale. Tsono muone nokha ngati mukufunabe kumva lipoti langa.

M'tchalitchi hita yotenthetsera yokha ikulira. Mayi wina wa ku Chipata anati "Ah!" mokweza, kenako n'kudzigwira pakamwa. Palibe anatembenuka kuyang'ana kutebulo la mlembi. Kusayang'anako kunali koipa kuposa kuyang'ana.

A Bishop anakanda chibwano nthawi yaitali. Kenako, ndi mawu awo a masiku onse: "Alembi, mwalemba zimenezo?"

A Fumbani anati ayi. A Bishop anati lembani, tikudikira.

Analemba. Cholembera chinkamveka mpaka kumbuyo. Atamaliza anawerenga mokweza monga amachitira nthawi zonse, mawu anga onse, osasintha ngakhale limodzi. Anatseka buku, kuliika patsogolo pa a Bishop, n'kutuluka. Vailet anawatsatira.

Lipoti ndinapereka. Pa nkhuku palibe anaseka.

Ndinabwera pa basi ndekha. Kapepala kaja kanandithandiza.

Lachitatu, 22 Okutobala

Masiku atatu. Chakudya ndimachipeza pa tebulo chovundikira. Vailet amati "mwadzuka bwanji Ababa" akuyang'ana ketulo. A Fumbani m'chipinda, foni, Chingerezi chotsitsa mawu.

Ndayamba kupinda zovala. Tikiti ndi ya Disembala, koma munthu amaona.

Loweruka, 25 Okutobala

A khonsolo anagamula Lachinayi. Nyumba igwetsedwa. Ati pepala la kampani linali bwino, malowo ndi a mafakitale kuyambira kale. Sanafunse za lobiyisiti, sanafunse za nkhoswe. Tonse awiri tinangotha nsapato. Mpingo wapatsidwa miyezi itatu, a Bishop ayamba kale kufunsa holo ku Smethwick.

A Fumbani kuofesi adzabwerera Lolemba, ndi kalata yowachenjeza. Kumpingo ndiye kulibe kalata. Akulu ati asagwirenso buku, ndipo nkhani yawo ikambidwa mawa tikaweruka.

M'mawa uno kugogoda pachitseko changa. M'nyumba yawo yomwe, akugogoda. Analowa, sanakhale pampando, anakhala pansi pa kapeti, munthu wa madigiri awiri. M'manja jumbo ya ku Cape Hill, ikudontha.

"Adada, mawa ndilibe wondilankhulira. Pakamwa panga sangapamvere. Mukandiimire."

Ndinawafunsa ngati akudziwa mmene ndimayambira. Anati akudziwa. Ndinati ndikanena kuti ndinu mkamwini wanga, kuti munalakwa, ndi kuti mwandipatsa nkhuku. Anati nenani zonse. Anatinso anafunsa mwini shopu, iyi nthutumba ilimo.

Vailet anali pakhonde, ndinamumva akupuma.

Ndawauza adikire kunja, ndiyambe ndalemba. Kuno zinthu zimayenda ndi buku.

Wobwera: Fumbani Luhanga. Kumene akukhala: momwe muno. Amene wamutuma: yekha. Chimene wabweretsa: nkhuku imodzi,

Vailet akufunsa ngati aike pamoto madzi ophikira nkhukuyo.