Khutu Lakumanzere la Mang Dolfo

Kwa Aling Nimfa Macaraeg, mkazi wa malemu, ana, adzukulu ndi onse okonda timu ya Tambuli,

Ife a Bungwe la Ochemerera Tambuli, kuno ku Lucena, talandira modzidzimuka ndi mwachisoni chachikulu uthenga wa imfa ya Mang Dolfo Macaraeg, omwe atisiya pa nthawi imene timu yathu ya basiketibolo inkawafuna kuposa kale lonse.

Malemuwa anatumikira timuyi moyo wawo wonse monga mlenje wa osewera. Anayenda m'majipu ndi m'mabwato, kuzungulira mabwalo a m'midzi kumene ana amasewera atavala mapatapata, ndipo diso lawo linkazindikira katswiri asanamere ndevu. Anatibweretsera akatswiri ambiri. Zoti lero onsewo akugoletsera matimu a ku Manila, mlandu umenewo si wa m'bokosimu.

Chaka chino tinathera pansi penipeni pa ligi, ndipo mwalamulo wothera pansi ndiye amayamba kusankha pakati pa anyamata otuluka m'makoleji. Mang Dolfo anali atamuona kale wawo: Renzo Dimaano wa ku Sariaya, chimphona chimene chimawerama polowa m'tchalitchi. Koma Bwana Villaruel, oyendetsa timu, ankafuna kupereka mwayi wosankhawo ku timu ya kampani ya simenti, kuti atipatse madoda awiri a mawondo olira ngati chitseko chadzimbiri.

"Bwana," ankatero malemuwa, "tagonja chaka chathunthu kuti tipeze mwana ameneyu. Ndiye minga titafune ife, nsomba adye ena?"

Pa maliro, potsata mwambo wonong'oneza womwalira chimene ukufuna akakunenere kumwamba, Bwana Villaruel anawerama pabokosi, nanong'ona nthawi yaitali, nadzuka akupukuta maso ouma.

"Ndawapempha chilolezo chosinthanitsa," anatero. "Sanakane."

Aling Nimfa, omwe ankagawira anthu khofi ndi mabisiketi, sanaike n'komwe thireyi pansi.

"Khutu liti, Bwana?"

"Lakumanzere, Aling."

"Ayi, ndiye mwataya malovu. Limenelo linafa kalekale, mwini wake akadali moyo. Ndi lomwe ankakutcherani pa misonkhano yonse."

Osewera makadi pakhonde, monga mwa mwambo wa maliro a kuno, anaseka mpaka kumwaza makadi. Bwanawo anatuluka okha, ndipo kwa nthawi yoyamba mwambo woletsa ofedwa kuperekeza alendo unatikomera.

Ife tinkati manyazi agwira ntchito imene nzeru zinalephera. Tinadzinamiza. M'mawa mwake wailesi inalengeza kuti mwayi uja wapita kwa a simenti, "mogwirizana ndi mtima wa malemu Macaraeg." Kunamizira wamoyo timakudziwa, tinakulira momwemo; koma kunamizira munthu amene wagona chagada, manja ali pachifuwa, kwatiposa msinkhu. Choncho bungwe lathu likuuza dziko lonse momveka bwino kuti Mang Dolfo sanavomere, sanamve, ndipo akanamva, bwenzi atadzuka.

M'malo mwa mamembala onse, oyendetsa majipu, ogulitsa nsomba ndi ena amene mawu anatha chifukwa chochemerera timu yosamva, tikupereka chipepeso chathu chochokera pansi pa mtima kwa inu, Aling Nimfa, ndi banja lonse. Mulungu akulimbitseni mtima pa nthawi yowawitsayi, ndipo akatsala nako kulimba kwina, atigawireko ifenso, chifukwa tidzakufuna tsiku limene Renzo adzabwere kudzatikwapula pabwalo lathu lomwe, atavala malaya a simenti.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Efren "Boyong" Catapang
Wapampando