Subilaga Wapeza Matenda a Bambo Ake

Tukuyu,
14 Meyi.

Okondedwa alamu anga a Tumpale,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Dar es Salaam. Nanga miyendo ija yasiya kutupa? Kuno mvula ikugwabe, nthochi zabereka mpaka taziikira mphanda.

Nkhani ndi ya alongo anu, a Ambokile. Mukudziwa kuti kufakitale ntchito yawo ndi yolawa tiyi, ndipo wolawa tiyi amadalira mphuno. Mphunoyo ndiyo inatseka chaka chatha. Ankapumira kukamwa, kumaso kukulemera, mamina achikasu akutsikira kukhosi. Akawerama kuti amange nsapato ankagwira pachipumi. Anamwa mankhwala a malungo, anachotsetsa dzino labwinobwino, koma ayi ndithu.

Chimene sanandiuze n'chakuti anasiya kumva fungo. Mu Malichi anavomereza tiyi wopserera kuti ndi wapamwamba, ogula n'kumubweza. Abwana anawapatsa chenjezo, anzawo n'kuyamba kunong'onezana kuti mkuluyu wayamba mowa. Mkulu wampingo, alamu! Masiku amenewo ankabwera kunyumba n'kungokhala pakhonde.

Pa Pasaka anabwera mwana wathu Subilaga kuchokera kuchipatala cha ku Mbeya, komwe akugwira ntchito. Anawayang'ana bambo ake tsiku lonse. Kenako anasinja adyo, n'kuwauza kuti atsinzine anunkhize. Iwo anati ndi sopo.

Tonse tinaseka, koma iwo anakwiya. Anati, "Iwe, ndakulera ndine, lero uzindiyesa ngati kamwana?" Mwanayo sanatekeseke. Anati, "Pano ndinu bambo anga. Koma Lachiwiri mubwere kuchipatala, mudzaime pamzere ngati wina aliyense."

Tinapita, ndipo anaimadi pamzere. Titalowa, Subilaga anawafunsa kuti zinayamba liti, n'kunena kuti chimfine chopitirira miyezi itatu si chimfinenso. Anawapopera mankhwala ochititsa dzanzi, n'kulowetsa m'mphuno kapaipi kowonda kokhala ndi nyali kumapeto. Ndinadzionera ndekha pakanema: mafinya, ndi timinofu totuwa tikulendewera.

Atawajambula mafupa a kumaso, anatifotokozera kuti m'mafupamo muli timphako tofunika kukhala ndi mpweya, koma ta bambo ake tinatupa kalekale n'kutsekeka. Ndiye gwero la mutuwo, dzinolo ndi fungolo. Dokotala wamkulu anabwera, anayang'ana zithunzizo, anangogwedeza mutu n'kunena kuti palibe chowonjezera.

Ine misozi inalengeza. Koma alongo anu! Potuluka anaimitsa mayi wina wosamudziwa n'kumufunsa, "Mayi, mwawaona adokotala ali m'chipinda umo? Amenewo ndinkawanyamula pakhosi popita nawo kusukulu." Kufakitale nako alongo anuwo anakawerenga okha zimene achipatala analemba, mokweza, onong'ona aja akumva. Chenjezo lija abwana analifafaniza.

Tsopano pempho langa ndi ili. Pano akutsuka m'mphuno ndi madzi amchere komanso kupopera mankhwala, koma timinofuto tikufunika kuchotsa. Subilaga wawapezera malo kuchipatala kumeneko ku Dar es Salaam mu Julayi. Wanena mosabisa kuti sangalonjeze kuti fungo lidzabwerera lonse, koma akapanda kupita ntchito ya tiyi aiiwale. Iwo akuzengereza. Akuti mpeni pafupi ndi maso sakuufuna. Ndalankhula, abusa alankhula, yankho lawo n'lakuti ayambe amva kwa achemwali awo.

Chonde aimbireni. Muwakalipire monga munkachitira ali mnyamata, ndipo mutikonzere pogona. Dokotala tabereka tokha, alamu. Chatsala ndi wodwala womvera, ndipo ameneyo amamva inu nokha.

Mundiperekere moni kwa amuna anu a Mwakalinga ndi adzukulu onse. Ndikadzabwera ndidzakutengerani mpunga wa ku Kyela. Mulungu akusungeni.

Ndine mlamu wanu,
Sekela, mayi a dokotala.