Eriyelo ya pansungwi

Lachinayi madzulo. Kunja kwachita fumbi tsiku lonse, mutu ukundilemera.

Nditaweruka kuchipatala ndinapeza bambo ali pampando wawo, akuyang'ana TV yopanda chithunzi. A kampani ya dishi achotsa matchanelo anayi, kuphatikizapo ya mapemphero imene bambo amaonera chidwalireni sitiroko. Ndinaimba foni. Mtsikana amene anayankha anangoti, "Pepani mayi, amenewo sabweranso." Ndinadula.

Mwayi wake eriyelo yakale sindinataye, inali kuseri kwa matumba a mtedza. A Phiri oyandikana nafe anaimangirira kunsungwi n'kumaitembenuza panja, ine ndikukuwa pawindo. Tchanelo ya ku Lilongwe inkangothwanima. Imene inagwira bwino ndi ya ku Zambia, mayi wina akuwerenga nkhani m'Chinyanja chawo.

Ndinauza a Phiri kuti atembenuzenso. Bambo anakweza dzanja lawo labwinolo.

"Isiye. Ndikumva."

Papita miyezi itatu akungoyankha ndi mutu. A Phiri anafunsa ngati akhomere pomwepo, ndinati khomerani.

Achemwali ku Kasungu sindinawauze. Ndiyambe ndaona ngati mawa bambo alankhulenso.