Amayi Achira Kapena Sanachire?

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Dambe tilipo, koma amayi m'mawondo ndi m'zala mukuwawabe chidwalireni chikungunya, matenda ofalitsidwa ndi udzudzu aja.

Anthu a kafukufuku wa matendawa andikwiyitsa. Oyamba anangoyeza kutentha kwa thupi, basi n'kunena kuti amayi achira. Sabata yatha kunabwera ena, anawapinda zala n'kunena kuti akadali odwala. Ndinawafunsa kuti, "Kodi inu ndi anzanu aja simukambirana?" Akuti gulu lililonse lili ndi muyeso wake. Miyeso iwiri pa mayi mmodzi, eti? Ayambe agwirizana kuti kuchira n'kutani asanatitopetse ndi mafunso.

Chonde tumizani mankhwala opaka aja. Mulungu akusungeni. Amene akuti amayi achira abwere m'mawa, adzandione ndikuwamanga chitenje amayiwo poti okha sangathe.

Mlongo wanu,
Esinati