Njereza pa Mwala wa Ndere

Lachinayi, mwezi wa Meyi. Tsiku lowawa.

Ndere zachikasu zija, za pamwala wa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, zapita. Akatswiri a zomera ku Zomba anati mwina ndi mtundu wosadziwika, ndiwatumizire zina zikakhwima kuti azipatse dzina. Ndadikira dzinja lonse.

Lero a tcheyamani a chipani abwera kusukulu kwathu kudzalamula kuti miyala yonse ya m'mbali mwa msewu ipakidwe njereza, poti Mtsogoleri adutsa Loweruka. Ndawapempha kuti umodzi wokhawo tiusiye.

"Aphunzitsi, mukufuna Mtsogoleri aone litsiro?" andifunsa, akundiyang'anitsitsa.

"Iyayi, bwana."

Burashi apatsa ine. Ndapaka ndekha, kawiri, iwo ataima pambali. Mwala wayera mbee, mpaka andiyamikira.

Ndere zimenezi kwina konse sindinazionepo. Zafa zopanda dzina, ndipo manja anga akununkhabe njereza.